Luso la Kugwa

Ndine ndinasoka chigoba chija,
chofiira, cha maso asiliva,
pa makina anga opalasa, pakhonde ku Kapata.
Yotamu anabwera ndi chithunzi chothimbirira
cha anthu a ku Mekisiko ouluka pa zingwe,
nati, Mlamu, ndisokereni nkhope ina,
iyi yatopa ndi dzuwa la pa njinga.

Ndinamuyeza mutu ndi tepi
yomwe ndimayezera ana a sukulu m'chiuno.
Ulusi sindinamulipiritse.

Loweruka ku Mchini, kuseri kwa chigayo,
anazika mitengo inayi ya bulugamu,
namangapo zingwe za pa lole,
pansi matabwa, utuchi, ndi tenti yonunkha fodya.
Pakhomo makwacha asanu.
Ana opanda kanthu anakwera mumtengo wa mango.

Inu mukuti n'zabodza.
Ndamva. Ndinawaona ndekha Lachinayi,
iye ndi Gidiyoni Jere, akulandizana botolo la maheu,
akupangana woyamba kugwa.
Koma ndi bodza lanji
losiya munthu akutsimphina mpaka Lolemba?

Ndewu ya ku bawa siionedwa kawiri:
botolo, magazi, apolisi, yatha.
Iyi imadza ngati mvula yotsika ku Kanjala,
kamphepo kaye, kafungo ka dothi,
akuzungulirana, akugwirana zala, akutayana,
mpaka wogulitsa mazira aiwala chenji.

Gidiyoni m'bwalo ndi Fisi wa ku Mwami.
Amatola maso mnzake woyimbira akacheuka,
amatilozera chala, kutitcha amphawi,
ndipo amayi a zitumbuwa, omwe amaimba naye kwaya,
amamugenda ndi zitsononkho.
Musamupeputse.
Popanda kuipa kwake, Yotamu wathu akadakhala
mnyamata chabe wovala nsanza zanga kumutu.

Amumenyetsa pansi. Thabwa lilira.
Woyimbira amenya kamodzi, kawiri,
dzanja lili m'mwamba,
phewa lidzuka!
Ife tonse tipuma mpweya umodzi,
ngakhale ine amene ndikudziwa mathero ake
monga ndidziwira msoko wa kolala.

Kenaka akwera.
Chingwe choyamba, chachiwiri, chachitatu,
chikunjenjemera ngati mwendo wa mwanawang'ombe.
Aima pamwamba, kumbuyo kwake mapiri,
atipatsa msana, atambasula manja,
ndi kudziponya chagada
kumene maso ake sakuona.

Apa ndi pamene pali makwacha anga asanu.
Anthu amayang'ana wouluka.
Ine ndimayang'ana wapansi:
Fisi uja, mdani uja,
asendera phazi limodzi kumanzere,
atsegula chifuwa ngati chitseko,
dzanja lake lifika msanga kuseri kwa khosi la mnzake
monga mzamba alandirira khanda,
ndipo agwa onse awiri,
iye pansi.

Palibe amene amawombera m'manja dzanja limenelo.

Atatu! Fumbi, mluzu, ana akugwa mumtengo.
Gidiyoni atuluka akutukwana, atagwira nthiti,
ndipo nthitizo zikupwetekadi.
Mkazi wake wawiritsa kale madzi.

Lamulungu, titaweruka ku tchalitchi,
chigoba chibwera m'pepala la shuga,
chong'ambika pa khutu, chowawasa thukuta.
Ndimachitembenuza kunsi.
Msoko wabwino ndi umene suoneka,
koma ndi umene wagwira chovala chonse.

Lolemba m'mawa Yotamu ali pa siteji,
nkhope yake yakale, buluku lomanga ndi mphira.
Anyamula bambo wina wopita ku chipatala chachikulu,
amene njira yonse akumusimbira
za munthu wofiira wouluka ku Mchini:
Akuti si wakuno ameneyo, achimwene,
akuti anachita kubwera pa ndege.

Yotamu apalasa chikweza, bondo likulira.
Ati, Kaya, bwana.
Ine Loweruka ndinali kumunda.