Magalamu Awiri

Ku Ivalo dzuwa linatsanzika masabata atatu apitawo.
Naini koloko m'mawa nyenyezi zikadali pamwamba pa shedi,
ine ndagwada pachikopa, tochi pamphumi,
sipanala ikuluma zala ngati yamera mano.

Njinga ya pachipale ndaitsegula nthiti.
Anaisokoneza ndi mlongo wanga Oula, mwachikondi.
Mtima wake unali pa mpikisano wa panyanja youndana,
ndiye anaikamo sipuling'i yofiira, youma khosi,
yoti injini iyambe yakuwa, yakuwa,
kenako kilatchi n'kuwakha lamba mwadzidzidzi.
Pa ayezi wosalala inkachoka ngati mwala wa legeni.
Anakhala wachinayi. Anabwera ndi chipewa.

Koma mvula inagwa pamwamba pa chipale, usiku n'kuuma gwa,
ndere zonse zatsekeredwa pansi pa galasi.
Mphalapala zathu zikupalasa mpaka ziboda kuchucha magazi.
Dzulo ndinakoleka ngolo ya udzu, mitolo isanu ndi umodzi.
Nditangokhudza mafuta njinga inadumpha,
inadzikumbira dzenje, n'kukhalamo phee.
Maola awiri ndili ndi fosholo,
ndikutchula dzina la Oula m'njira zosayenera.

Bambo akhala pa ndowa yovundikira.
Makutu awo anadyedwa ndi mainjini kalekale,
koma kabuku kawo kakadalipo, kamafuta okhaokha,
kolembedwa ndi pensulo chifukwa inki imaundana.
Akweza chala chimodzi.
"Sintha chinthu chimodzi, Risten.
Ukasintha ziwiri sudziwa woti umuthokoze."

Yofiira ija ndaiponya m'chitini cha khofi.
Ndaika yakuda, yofatsa, yomwe simadikira kukuwiridwa.
Mbale ziwiri za kilatchi zachita kuwala ndi moto wa dzulo,
ndazikwecha ndi sandipepa mpaka zachita mbuu.
Lamba ndamutsuka ndi sopo m'madzi ofunda,
ndamuyanika pafupi ndi mbaula ngati thewera.
Ndajambula mzere wakuda pambale, kuchokera pakati kufika m'mphepete.
Lamba akamakwera aufufuta,
mzere wotsala undiuza pomwe wathera mphamvu.

Kupita kumlatho ndi kubwerera.
Yanyamuka bwino, yosakumba.
Koma pachitunda singano yapyola masauzande asanu ndi atatu,
injini ikulira ngati mwana wosiyidwa,
phokoso lambiri, liwiro lochepa.
Pambale mzere watsala utali wa chikhadabo.

Sindinawauze kanthu bambo.
Anali ataika chikhatho pachivindikiro ndisanazimitse,
maso ali tsinzini.
"Yapepuka," atero. "Ikuvina yopanda katundu."

Timiyendo titatu tachitsulo timene timakankha mbale
ndatiika pasikelo ya mayi yoyezera yisiti.
Kalikonse ndakawonjezera kabawuti,
magalamu awiri,
kulemera kwa nandolo zingapo zouma.
Kamodzi kandipulumuka, kagwera m'utuchi.
Tonse awiri tikukwawa, nkhalamba ndi mwana wake,
mpweya wathu ukufuka m'kuwala kwa tochi,
mpaka bambo akatola ndi maginito a pachitseko.

Kumlatho kachiwiri, ngolo ili pambuyo.
Singano yakwera, yafika pamalo pake, yaima nji.
Chitunda chabwera, singano osagwedera.
Kumwera kwayamba kufiira pang'ono,
kuwala kwa ola limodzi komwe timakutcha masana.
Ndatsegula: mzere wonse wafufutika.

Bambo anyowetsa pensulo palilime mwachizolowezi,
alemba tsiku, kuzizira, mtundu wa sipuling'i,
kenako andipatsa kabuku kaja
kuti magalamuwo ndilembe ndekha.
Dzanja langa lili pansi pa lawo patsamba limodzi.

Chitini cha khofi ndachiika pashelefu yapamwamba.
Oula adzachipeza mu Epulo.
Kuseri kwa mitengo belu la yaikazi yotsogola likumveka,
lofooka, koma likubwera kuno,
ndipo udzu ukununkha Julayi.