Mphindi Khumi ndi Ziwiri

Belu likalira ku Fomu 2
ndimapinda mapu a Afirika, choko m'thumba,
n'kuwoloka msewu wa ku Kawale
pakati pa makabaza ndi minibasi zoitanira ku Depoti.
Fomu 4 imandidikira kutsidya,
kuseri kwa chigayo cha a Mpinganjira.

Mphindi khumi ndi ziwiri, tsiku ndi tsiku.
Ndinawerengetsera: pachaka zimakwana
mtsinje wonse wa Zambezi
umene sindinawaphunzitse.

Loweruka makolo anakhala pamabenchi a ana awo,
mawondo akugunda chibwano.
Wina anati tilembere boma.
Wina anati tinalemba kale,
kalatayo yamera imvi ku Kapitolo.
Wina anati tigulitse malo akutsidya,
pali bwana akufuna kumangapo pomwetsera mafuta.

Mayi Nachisale, ogulitsa makala, anaimirira:
"Malo ukagulitsa sabwerera.
Ndalama ndilibe ine,
koma chikombole chili kuseri kwa nyumba."

Mlembi analemba: njerwa zikwi ziwiri.
Pa simenti, onse anayang'ana kudenga,
pomwe malata amaonetsa dzuwa.

Lolemba kunagwa mvula.
Mapu ananyowera pamsewu,
nyanja ya Chadi n'kusefukira m'chipululu cha Sahara.
Ana anaseka.
Ndinayamba phunziro mochedwa.