Deresi la Elube

Woweruza atati umboni waperewera,
akabaza analiza mahutala kuchokera kukhoti mpaka ku Chinamwali,
nyimbo za Twaibu zikuphulika m'mabala a ku Matawale.

Kumsika mayi wa matemba analavulira pansi:
"Ndalama yayankhula apa!
Mpeni uja unayenda wokha kukalowa kuchipinda?"
Mnyamata wometa, lumo lili m'mwamba, akuti ndi nsanje chabe,
munthu wa mawu okoma chonchija sangaphe ngakhale nkhuku.
Wometedwa ananyamuka tsitsi litatsala mbali imodzi.

Ine ndimasoka pakhonde la sitolo ku Mpondabwino.
Suti imene anavala potuluka, akubayibitsa anthu,
mabatani ake ndinaika ndine.
Amandifunsa: "Atelala, inu muli mbali iti?"
Ndimangoluma ulusi.

Pansi pa makina pali jumbo.
Muli deresi lobiriwira la Elube.
Analipira theka, nati adzatenga Lachisanu
ndikafupikitsa manja.
Papita miyezi khumi ndi inayi.

Tauni yonse ikutchula Twaibu, omukonda ndi omuda omwe.
Dzulo mayi ake a Elube anadutsa ndi dengu la mpiru,
sanacheukire kuno.

Manja aja ndinafupikitsa kale.