Ndagulitsa Chigayo

Ndagulitsa chigayo.
Amene simunamve, mwamva tsopano.
Chija cha pa Santhe, kuseri kwa msika,
chomwe chinandiyeretsa nsidze zaka makumi awiri ndi ziwiri,
chomwe chinandidya khutu lakumanzere
mpaka ulaliki wa pamaliro a mwamuna wanga ndinaumva theka.

Ndalamazo sindinamangire nyumba ya lendi.
Sindinagule ng'ombe.
Ndagula vani yoyendera magetsi,
yoyera, yakaunjika, chitseko chakumbuyo chofuna bondo kuti chitsekeke,
chiwongolero chosalala pomwe ankagwira mwini woyamba
amene dzina lake sindidzalidziwa.

Tsiku lomwe inafika palibe anaimva.
Inangotulukira paseli pa mango ngati mlendo wamanyazi.
Galu sanauwe. Nkhuku zinapitiriza kupalasa.
Mlamu wanga Yesaya anatsegula kutsogolo,
kusuzumira, kugogoda, kununkhiza,
kenaka amvekere: "Mlamu, akuberani.
Mwagula firiji yamatayala.
Ndi magetsi athuwa, obwera ngati mkamwini waulesi,
kudya n'kusowa?"
Sindinayankhe.
Loweruka ndinamupeza pa Kasungu boma,
pamzere wa petulo, tsiku lachiwiri,
akusinza panjinga yamoto, chigubu pamiyendo.
Ndinatsitsa galasi n'kumupatsa nthochi ziwiri.

Mipando yakumbuyo ndazula.
Kalipentala Mphwiyo wakhoma kabedi kopapatiza;
pansi pake ndowa, mbaula, chitini cha mchere,
ndi nsapato za malemu, zomwe sindikudziwa ndatengeranji.
Padenga masola atatu.
Akuti sangandifikitse patali,
koma adzaza foni
kuti Mwaiwawo andipeze n'kundikalipira bwino:
"Amayi, pamsinkhu wanuwu?"

Pamsinkhu wangawu, mwanawe,
ndagaya chimanga cha ku Mkanda, cha ku Chamama, cha ku Dowa.
Kulikonseko ndimakuzindikira ndi fungo la gaga,
koma phazi langa silinapondeko.
Malole ankadutsa usiku, mawindo n'kunjenjemera,
ine pamkeka ndikuwerenga ndalama zotuwa ndi ufa,
kuwerenga, kubwerezanso,
ngati pena pake zisanduka msewu.

Dzulo ndagona pachigayo pomwepo.
Mnyamata amene wachigula wandilola kulumikiza chingwe
pakhoma pomwe ndinkakoleka mpango.
Magetsi anathima cha m'ma teni,
anabwera tambala woyamba atalira.
Ndinakhala m'kati, bulangete m'mapewa,
kuyang'ana nambala ikukwera pang'onopang'ono
ngati madzi a pamjigo mwezi wa Okutobala.
Kudikira ndimakudziwa.
Ndadikirapo magetsi ndi azimayi makumi atatu pakhonde,
matumba ali ndanda, makanda akulira.
Kusiyana kwake n'kwakuti usiku umenewu
ufa wodikiridwa unali wanga.

Mantha alipo, ndisaname.
Batire lidzandithera penapake padzuwa,
pomwe soketi yapafupi ili mtunda wa tsiku lathunthu.
Ndidzapempha ngolo indikoke,
ana adzathamanga pambuyo akuseka,
ndipo nkhaniyo idzafika kwa Yesaya
ine ndisanatsike n'komwe.
Aseke. Ng'ombe nazonso zimafikitsa.

M'mawa uno mame akadali pa udzu.
Ndadutsa zigafa, ndadutsa sukulu,
ndadutsa manda osaimika, ndangokweza dzanja.
Wakabaza sanandimve, anadzidzimuka nditamufika pambali;
ndinapepesa, iye n'kugwira pakamwa.

Tsopano ndaima pamphambano pa Chinkhoma.
Kumanzere Jenda ndi mapiri omwe ndimangomva mbiri yake,
kumanja mzinda ndi utsi wake.
Kamtsikana kogulitsa mtedza kafika pawindo:
"Mukupita kuti, mayi?"
Ndagula wa faifi handiredi, funsolo ndalisiya pomwepo.

Chifukwa pali chinachake chikumveka,
ndipo chikumveka kumanzere,
kukhutu lija ndinalilira kalekale.
Si njiwa. Si wayilesi.
Ndi kagetsi kokhotera, komwe dzanja layatsa lokha,
kakungoti the, the, the,
modekha, ngati munthu wogogoda pakhomo
podziwa kuti mwini nyumba wadzuka kale.