Tsiku Lomwe Choko Chinatha

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala ndikuwapatsa msana ana a pa Kamwendo,
nkhope kubolodi, fumbi loyera m'zikhadabo,
iwo kumbuyo kwanga akukopera
ngati nkhuku zotola zomwe wamwaza wina.

Lachitatu lina choko chinatha m'kabati.
Ndinatembenuka.
Ndinati: Sitandade seveni,
kodi inuyo mukufuna kudziwa chiyani?
Sankhani nokha. Mukafufuze. Mudzatiuze.

Zii.
Mitu yonse inawerama
ngati ndafunsa yemwe waba shuga wa phala.
Yosofati ananong'ona ali kukhoma:
Aphunzitsi, zimenezi zidzabwera pamayeso?

Woyamba kuimika mkono anali Esinala,
uja ndinkati masamu anamukana ali m'mimba.
Anati: Ine sikelo ya mavenda.
Mayi akalonga mtedza m'thumba,
kunyumba limathyola msana,
likafika pamsika lapepuka.
Ndikufuna ndidziwe chimalidya m'njira n'chiyani.

Lekeleni anasankha chiswe
chomwe chadya chitseko chathu kufika m'chiuno.
Tionenji ndi anzake anasankha mjigo:
bwanji umatsokomola mu Okutobala
pomwe wa kutchalitchi ukulavula madzi?
Fatsani anati awerenga njinga za kabaza
zokhotera msewu wa ku Kapiri.
Ndinafuna kumukaniza.
Ndinaluma lilime mpaka ndinamva mchere.

Masabata atatu kalasi inasanduka msika.
Ahedi anasuzumira pawindo, nakwinya chipumi.
Usiku ndinkawerenga mitu ya silabasi yotsala
ngati munthu wangongole yakatapila.

Esinala anatola mabotolo kuseri kwa golosale.
Lita imodzi ya madzi, kilo imodzi:
anazifukula yekha m'buku lopanda chikuto.
Anapachika khumi pa sikelo ya venda,
muvi unaima pa eyiti ndi theka.
Venda anaseka.
Kenaka anasiya kuseka.
Madzulo mwana uja anachotsera, anachulukitsa,
anawerengera matumba onse a chaka chatha,
masamu omwe ndinamukalipira nawo teremu yonse
akuyenda okha m'chala chake pamchenga.

Lekeleni analondola kanjira kadothi
kuchoka pachitseko, kudutsa pansi pa mpanda,
mpaka pachulu cha kuseri kwa nyumba ya ahedi.
Anajambula mapu. Chitseko chikudyekabe,
koma tsopano tikudziwa kwawo kwa akuba.

Za mjigo sizinatheke.
Chingwe choyezera chinadukira m'kati,
akomiti anawapitikitsa ndi mawu.
Tionenji anaima kutsogolo chimanjamanja
nati: Yankho sitinalipeze,
koma tikudziwa malo atatu pomwe palibe.
Cholembera chofiira chinazizira m'manja mwanga.
Zotere amapatsa malikisi angati?

Fatsani anabwera ndi kope lodzaza timizere.
Njinga mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri tsiku la msika.
Sanalekere pomwepo, anawafunsa mayina.
Aphunzitsi, asanu ndi awiri mwa opalasawo
anakhalapo pansi pomwe pano.
Akuti ndikupatseni moni.
Akuti ankakopera bwino kwambiri,
makope awo akadali m'sutikesi.

Ndinayang'ana bolodi.
Linali lakuda bii, lopanda chonena.

Katoni ya choko inafika Lolemba.
Ndimalembabe, mayeso sanathawe,
koma ndimaima chammbali,
khutu limodzi kwa ana,
ndipo ngodya ya bolodi ndinawasiyira.
Pali mafunso okhotakhota, ena olakwika kalembedwe:
N'chifukwa chiyani soya amatsika mtengo tikakolola?
Kodi mtsinje wa Bua umayambira m'munda mwa ndani?

Dzulo, belu litalira, ena onse atabalalika,
Yosofati anatsala akukanda pakhoma.
Aphunzitsi, langa ndalipeza mochedwa.
Nena.
Ndikufuna kudziwa amene amasankha mafunso a mayeso,
ndiponso amene anamusankha iyeyo.

Ndinatsegula pakamwa mwachizolowezi.
Ndinatseka.
Ndinathyola choko pakati,
theka lalikulu n'kumuika m'dzanja.