Lachinayi la Sikelo ku Kazyozyo

Nazulu anabwera Lachinayi,
mwana kumsana, kabuku ka sikelo kali m'pepala la shuga.
Miyezi itatu ndinali nditapondaponda pakhomo pake
mpaka galu wawo anatopa nako kundiuwa.

Ulendo woyamba anandilandira ndi msana,
manja ali kalikiliki kusoka fodya m'chigafa.
Wachiwiri anandipatsa mpando, mawu anandimana.
Wachitatu anatulutsa foni yosweka galasi
nandimvetsa mawu a munthu wopanda nkhope:
akuti jakisoni ameneyu amatseka mimba,
akuti ana a kutsidya kwa malire anauma miyendo.
Sindinaseke.
Ndinamuuza zimene ndikudziwa:
pobayapo patupa pang'ono,
thupi litentha usiku umodzi, mwina uwiri,
mwana alira, inu mundida mpaka m'mawa.
Zimene sindikudziwa ndinati sindikudziwa.
Ndinapinda malaya, ndinamuonetsa chipsera cha paphewa,
chakale kuposa ukwati wanga.
Za Sungeni, mwana wa mlongo wanga,
amene chikuku chinamulanda maso asanaone choko pabolodi,
sindinatchule.
Chisoni changa sinditsatsa m'makomo ngati usipa.

Ndiye Lachinayi limenelo,
pansi pa mango a pasukulu, sikelo ikulendewera panthambi,
amayi makumi awiri ndi atatu ali pamzere,
iye kumapeto kwenikweni, ngati wodzangoonerera,
ndinatsegula bokosi labuluu
limene ndinapalasa nalo njinga kuchokera ku Mkanda
mame akadali pa udzu.

Pa kabotolo ka katemera pali kachizindikiro
kochepa kuposa chikhadabo cha khanda:
kabokosi koyera m'kati mwa bwalo lodera.
Kakada n'kufanana ndi bwalolo, basi,
kutentha kwadya mphamvu yonse.
Ndinayang'ana kamodzi. Ndinapukuta maso.
Ndinatenga kena, ndi kenanso.
Kabokosi kanali katamira.
Firiji yathu inakhala ikudwala masiku angapo,
ine ndinalongeza mumdima, mothamanga, osaunika.
Mlandu umenewo ndi wanga.

Akadadziwa ndani?
Madzi ake ngooneka chimodzimodzi.
Kaundula akadadzaza, lipoti la ku boma likadasekerera,
ndipo Nazulu akadapita kwawo atanyamula mwana
wovala chishango cha pepala.

Ndinaimirira, mawondo ali zii.
Amayi, lero tingoyeza sikelo.
Katemera waonongeka. Sindibaya mwana aliyense.

Phokoso linabuka ngati njuchi zaponyedwa mwala.
Wina anati ndasiya ganyu wa mtedza chifukwa cha inu.
Wina anati mwagulitsa wabwinoyo, tikudziwa.
Ndinameza zonse, zinali zondiyenera theka.

Iye anadutsa pakati pawo osafulumira.
Ndionetseni, anatero.
Ndinaika kabotolo m'dzanja lake lakuda ndi utomoni wa fodya,
ndinaloza pamene panayenera kuyera.
Anakayang'ana nthawi yaitali
monga amayang'anira ndalama yokayikitsa pamsika.
Ndiye mukautaya?
Ndikaubweza, ndikalemba, asaubaye munthu.
Ngakhale ndabwera ine?
Makamaka poti mwabwera inu.

Anakoka chitenje, nalimbitsa mfundo pachifuwa.
Sananene kuti adzabweranso.
Sananenenso kuti sadzabwera.

Lero ndi Lachinayi lina.
Firiji anaikonza anyamata ochokera ku boma.
Timabotolo ndatiunika kamodzikamodzi, kawiri konse,
toyera ngati mano a mkaka.
Mzere wafupika, ena akadali ndi mkwiyo wawo,
ndidzawatsatira, njinga ikudziwa njira.
M'kaundula, dzina la mwana wake, Mwatitha,
ndalilemba ndi pensulo.

Ku njira yochokera kudimba kukubwera chitenje chachikasu.
Patali chonchi nkhope sindingaizindikire.
Ndasamba m'manja.
Singano sindinaitsegule.