Mafuta Osatha Msanga

Mtsikana wa ku Mpondagaga waima pa benchi langa,
ndalama ataipinda kanayi m'chikhatho.
Akuti: a Twaibu, ndipatseni mafuta osatha msanga,
Loweruka kuli chinkhoswe.

Ndimiza jakisoni m'botolo lalikulu,
ndikoka pang'ono, ndidonthezera m'kabotolo.
Osatha msanga? Mwanawe,
fungo ndi mlendo, silimanga nkhokwe.

Amene anayamba ntchitoyi analibe botolo.
Anali ndi khala lamoto ndi utomoni wa mtengo.
Ankafuna kulankhula ndi wakumwamba
koma mawu awo anali aafupi,
ndiye anatuma utsi.
Ndimamva kuti ku Iguputo ankadzoza mafumu akufa ndi mure
kuti mphuno isaulule zimene maso akubisa.
Ena, kutali kumene mvula ndi mphekesera chabe,
anaphika maluwa mumphika wamkuwa
nadikira thukuta lake, dontho, dontho,
monga achitira Nachisale ndi kachasu kuseri kwa msika,
kungoti iwo ankaledzeretsa mphuno.

Kuno tinali nazo zathu.
Nsatsi zokazinga, zosinja, zowiritsa mpaka mafuta ayandame;
nkula wofiira pakhungu la namwali;
mpungabwi wotikita m'manja, udzudzu n'kusamuka.
Palibe analemba dzina lake pagalasi.

Kenako kunabwera zombo za matanga,
lubani, udi, karafuu m'timabokosi tosema.
Ndikafika apa ndimatsokomola,
pakuti zombozo sizinkabwerera zopepuka.
Zinkatsitsa chonunkhira,
zinkakweza anthu,
ena a iwo okathyola karafuu yemweyo
ku zilumba za nyanja yamchere.
Kununkha ndi kununkhira
kusiyana kwake n'kamchira chabe,
ndipo pa Linga pano kamchirako kanagulidwa ndi makosi a anthu.
Mbuye wa mbuye wanga sindidziwa
ngati anali wosema goli kapena wolisenza.
Kwathu amangoti: anali kudoko,
n'kusintha nkhani.

Azakhali anga, Bi Mwanahawa, ankasambitsa maliro.
Ankabwerako nsalu yawo itagwira lubani,
ife ana n'kuthawa mbale yawo,
iwo n'kumaseka: mudzandifuna.
Tsiku limene tinawaika
utsi womwewo unandigwira kukhosi
monga dzanja lawo lija pondisula litsiro kuseri kwa makutu.
Papita mvula makumi atatu.
Komabe Lachisanu masana, amuna akamadutsa pano
m'mikanjo yoyera kupita kumzikiti,
wina akangodutsa ndi kamphepo kake,
ndimacheuka, jakisoni ali m'manja,
ngati wandiitana dzina laubwana.

Osatha msanga ndi amenewo.
Koma sakhala m'botolo.

Awa ndagwirawa adzera pa Songwe m'katoni,
pansi pa matumba a mpunga ndi nsapato zakaunjika.
Dzina lake n'lachifalansa, lolembedwa molakwika,
ndipo fakitale yake, ndikhulupirira, sinaonepo duwa.
Sindikunamiza, ndine wamkulu.
Koma aphunzitsi amagula pakutha pa mwezi,
wakabaza amagula akamapita kukapepesa,
ngakhale mayi wogulitsa usipa uja
amafuna tsiku limodzi lokha pa sabata
loti anthu asadziwe ntchito yake asanapereke moni.

Mtsikana wangoti duu.
Minibasi ya ku Dwangwa ikuliza hutala,
fumbi likutera pa mabotolo anga.

Bweretsa mkono.
Apa, pamene mtsempha ukugunda.
Usatikite. Dikira.
Fungo loyamba ndi wabodza, limathawa usanafike pa depoti.
Lachiwiri ndi malonje chabe.
Lachitatu ndi lija lidzatsale usiku wa Loweruka
utavina, utagwada, utanyamula madzi a alendo,
litasakanizika ndi thukuta lako.
Limenelo wina adzalikumbuka atachita imvi,
adzacheuka nalo pamsewu popanda womuitana.
Limenelo sindigulitsa ine.

Wanunkhiza, wakwinya mphuno,
watambasula ndalama ija pabenchi.
Akuti: nkhani zanu n'zambiri, a Twaibu,
onjezerani pang'ono.

Ndaonjezera.